Sipichi ya pulezidenti pa nthawi ya mavuto, ilipo imene inakugwiranipo mtima?

Nangozo_A25:

Moni nonse muno. Ndili ndi kafunso koma chonde tisayambe za zipani, ndikudziwa ena mukangomva dzina la mtsogoleri mumathamangira kaye kukavala nsalu ya chipani musanayankhe kkkk. Nkhani ndi iyi, dziko likagwa m'mavuto, kaya ndi namondwe, kaya mliri, kaya maliro aakulu, timamva kuti madzulo ano mtsogoleri wa dziko ayankhula ku mtundu wa Amalawi. Nde amabwera pa kanema, mbendera kumbuyo, suti yakuda, nkuyamba zija za Amalawi anzanga. Kodi mawu amenewa amasinthadi kanthu mumtima mwa anthu kapena ndi mwambo chabe woti uchitike basi?

Chandifunsitsa ndi kavidiyo ka Zelensky, pulezidenti wa Ukraine, ka pa 25 Febuluwale 2022, nkhondo itangoyamba dzulo lake, mphekesera zili ponseponse zoti wathawa. Munthu uja anangotuluka panja usiku mu Kyiv ndi anzake aboma, kudzijambula yekha pa foni, nkunena kuti nduna yaikulu ili pano, pulezidenti ali pano, asilikali ali pano, tonse tili pano. Sikakwana ndi mineti yomwe koma dziko lonse linakamba za iko. Ife kuno taona Covid, namondwe Freddy, njala, ndege ya a Chilima, mizere ya mafuta, masipichi ake tamva ambirimbiri koma ine ndikati ndikumbuke chiganizo chimodzi chokha chimene chinandilimbitsa mtima sindikuchipeza. Vuto ndi ine, ndi olemba masipichiwo, kapena kuno mawu sagwira ntchito? Akuluakulu amene munamvako a Kamuzu ndi Atcheya a Muluzi tithandizeni kufananitsa.

KabazaBoy:

Sisi musadzivute, sipichi siphikidwa. Novembala 2023 kwacha atayigwetsa ndi 44 peresenti abusa a Chakwera anabwera pa kanema nkunena kuti aimitsa maulendo akunja, awo ndi a nduna zawo omwe. Zabwino ndithu. Koma petulo anali atachoka kale pa K1,746 kufika pa K2,530, nde ine wa njinga yamoto ndikamuuza kasitomala mtengo watsopano wopita ku 49 amandiyang'ana ngati kwachayo ndagwetsa ndine. Sipichi ija inandithandiza chani pamenepo? Amalemba ndi anthu oti mafuta amathira pa khadi.

Mphunzitsi_Wopuma:

A Nangozo vuto si inu ayi, ndipo mphwanga wa kabazayo wakhudza penipeni ngakhale wanena mokwiya. Mmene ndimaonera ine, sipichi payokha ilibe mphamvu, imadalira zimene boma lachita kale dzulo ndi zimene munthu wamba akuuzidwa kuti achite mawa mmawa.

Tengani Roosevelt wa ku America. Analowa m'boma pa 4 Malichi 1933 mabanki akugwa motsatizana, anthu ali pa mizere kukatapa ndalama zawo poopa kuti banki itsekedwa ndalamazo zili mkati. Ambiri amakumbukira mawu ake a tsiku lolumbira aja, oti choyenera kuopa ndi mantha enieniwo basi. Koma imene inagwira ntchito kwa ine si imeneyo, ndi ya pa 12 Malichi, Lamulungu usiku, pa wailesi. Anali atatseka kale mabanki onse kwa masiku angapo, nyumba ya malamulo itavomereza kale lamulo latsopano la mabanki pa 9 Malichi, akatswiri akuunika mabuku a banki iliyonse. Nde iye anangokhala pansi nkufotokoza pang'onopang'ono kuti ndalama zanu mukaika ku banki sizigona mu sefa, banki imazibwereketsa kwa ena, nchifukwa chake tonse tikapita tsiku limodzi kukatapa sizingakwane ngakhale bankiyo ili yabwinobwino. Kenako anati mawa tiyamba kutsegula mabanki amene tawayeza, ndipo ndalama yanu ili pabwino mmenemo kusiyana ndi pansi pa matilesi. Mabanki atatsegulidwa anthu anaimanso pa mizere, koma ulendo uno kukabweza ndalama. Munalibe vesi, munalibe ndakatulo. Anafotokoza vuto, ananena zimene wachita kale, nkumupatsa munthu ntchito yoti agwire.

Tsopano fananitsani ndi Epulo 2020 kuno. Matenda anali atangopezeka kumene pa 2 Epulo, pa 14 boma la a Peter Mutharika linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18. Cholinga sichinali choipa. Koma mayi wogulitsa tomato ku Tsoka kapena mnyamata wonyamula katundu mu depoti sanamvemo kuti adya chani masabata atatu amenewo. Mavenda anatuluka m'misewu, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anapita ku khoti, pa 17 a Justice Kenyatta Nyirenda anaimitsa zonse. Za K35,000 pa mwezi kwa mabanja osauka a m'tauni zinadzalengezedwa kumapeto kwa mwezi anthu atakwiya kale. Zikanalowa mu uthenga woyamba uja mwina nkhani ikanayenda mwina.

Za Ngwazi poti mwafunsa. Achinyamata mumaganiza kuti ankayankhula zokoka mtima, koma kunena zoona tinkamvera chifukwa kusamvera kunali ndi malipiro ake. Ankayankhula Chingerezi, a John Msonthi kenako a John Tembo akumasulira, ife tili padzuwa maola ndithu, nkhani yake yomweyo ya chitaganya chimene anachiswa ndi ngodya zinayi, umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Imene ndimaiwerengera ine ndi yaifupi ija ya Meyi 1994, pamene anavomera pa wailesi kuti wagonja nkuyamikira a Muluzi zotsatira zisanathe nkulengezedwa komwe. Kumbukirani kuti mu Disembala 1993 tinali titangoona asilikali akulanda zida a Payoniya, mfuti zikulira mu Lilongwe muno, nde ambiri tinkati nkhalambayi sitsika mwamtendere. Mawu ochepa aja anachotsa chifukwa choti wina aliyense atole mwala. A Chakwera anachitanso zomwezo pa 24 Sepitembala 2025, kuvomereza kugonja bungwe la zisankho lisanalengeze. Muonetsetse, onse awiriwa anthu anawakhulupirira tsiku limene mawuwo anali owawa kwa mwini wake woyankhulayo.

Mjomba_wa_ku_Joni:

Madala mwalasa. Ine ndakhalako ku Joni nthawi yaitali, akuluakulu a kumeneko ukamacheza nawo ena amakuuza kuti Mandela anakhala pulezidenti mu Epulo 1993, za 1994 zinali zongolumbira chabe. Chris Hani, mmodzi mwa atsogoleri olimbana ndi ulamuliro watsankho, anaomberedwa pa 10 Epulo pakhomo pa nyumba yake ku Boksburg, womuombera mzungu wochokera ku Poland dzina lake Janusz Waluś, ndipo achinyamata m'malokeshoni Hani ankamukonda koopsa. Dziko linatsala pang'ono kuyaka moto. Pulezidenti anali De Klerk koma aliyense ankadziwa kuti akayankhula iyeyo ku Soweto palibe amumvere, nde amene anaonekera pa kanema wa boma kuyankhula ku mtundu wonse ndi Mandela, munthu woti analibe udindo uliwonse m'boma nthawi imeneyo. Sanazembe ayi, ananena poyera kuti wapha ndi mzungu wodzala ndi chidani, koma pompo anawonjezera kuti amene anaika moyo wake pachiswe kuti chigawengacho chigwidwe ndi mzimayi wachizungunso, wachibunu, neba amene anapereka nambala ya galimoto ku polisi. Mwaona kuchenjera kwake? Anthu ankafuna nkhani ikhale ya akuda ndi azungu, iye anaikhotetsa ndi chinthu choona choti aliyense akanatha kufufuza yekha. Ziwawa zinachitikabe ndipo anthu anafa, tisanamizane, koma nkhondo yapachiweniweni imene inkaopedwa sinabuke, pofika Juni anali atagwirizana tsiku la chisankho, 27 Epulo 1994.

Ramaphosa nthawi ya Covid ndinali komweko. Yoyamba ija ya pa 23 Malichi 2020 yolengeza masiku 21 otseka dziko anthu anaiyamikira, mu Epulo anabwera ndi ya R350 ya osagwira ntchito, tsiku lina masiki inamukanika kuvala mpaka inatseka maso anthu kuseka koma kumukonda. Masipichi ake anawatcha misonkhano ya banja. Koma zitatuluka nkhani za katangale pa matenda ogula mamasiki ndi zovala za anamwino, anthu ankangotchera khutu kuti amve chinthu chimodzi, mowa watsegula kapena ayi, zinazo ankasintha tchanelo.

China tisachiiwale, sipichi ikhoza kulimbitsa mtima koma ili yabodza. Magufuli mu Juni 2020 anauza anthu mu tchalitchi ku Dodoma kuti korona yatha ku Tanzania chifukwa cha mapemphero, boma litasiya kale kutulutsa ziwerengero. Anthu anaomba m'manja, ngakhale kuno ambiri ankati uyu nde mwamuna osati athuwa. Kumayambiriro kwa 2021 maliro anachuluka mpaka Seif Sharif Hamad, wachiwiri kwa pulezidenti wa ku Zanzibar, amene anali atavomera yekha kuti ali ndi matendawa, anamwalira mu Febuluwale. Nde chemwali musamangoyeza ndi tsembwe limene mwachita pomvera.

Mai_a_Tadala:

Ine ndikamba za pa 10 Juni 2024 chifukwa sindidzaiwala. Ndege inanyamuka ku bwalo la ndege la KIA ku Lilongwe cha m'ma 9 mmawa kupita ku Mzuzu, a Chilima akupita kumaliro a a Ralph Kasambara, inalephera kutera chifukwa cha nyengo. Chimadzulo chonse nkhani inali pa WhatsApp, mavoisi noti kumangolowa, uyu akuti yapezeka, uyu akuti onse ali moyo, wina akuti ali ndi m'bale wake msilikali wamuuza zina. Kwathu ku 36 magetsi anali atathima nde tinasonkhana pakhonde pa aneba, azimayi ndi ana omwe, foni imodzi atayitsamiritsa pa botolo la mafuta ophikira, batile ili kofiira, mwini wake akungoti musaigwiregwire bando ithera zachabe. Pulezidenti Chakwera anayankhula usiku kwambiri cha m'ma 11. Mawu ake anali aulemu, anati kusaka kupitirire usiku wonse, anatchula za nsanja za mafoni zimene zasonyeza dera lake, anapempha kuti tipemphere. Koma pakhonde paja palibe ndi mmodzi yemwe anati mtima wanga wakhala pansi. Agogo ena anangoti nanga kuyambira mmawa aboma anali kuti? Komanso theka la anthu pamenepo ankadikira kamtsikana ka fomu 3 kawamasulire chifukwa zimene tinkamva pa fonipo zinali za Chingerezi, kamtsikanako kakamamasulira chiganizo chimodzi ziwiri zadutsa kale.

Mawa lake analengeza kuti ndege yapezeka ku Chikangawa, anthu 9, palibe wapulumuka. Pamenepo aliyense anali atapanga kale nkhani yake mumtima. Munaona nokha pa 16 Juni ku Bingu Stadium anthu akukuwiza mtsogoleri pamaliro mpaka ansembe kuimirira kuti bata libwerere. Lipoti la komishoni linatuluka Disembala kunena kuti inali ngozi, nyengo yoipa ndi zolakwitsa za anthu, koma kafunseni mu minibasi ya ku Likuni muone ndi angati akuvomereza. Aphunzitsi pa zimene mwanena zija muwonjezerepo nthawi. Ukachedwa kuyankhula ena amakuyankhulira, ndipo masiku ano oyankhulawo ali m'thumba mwa aliyense.

Koma ndisakhale ngati ndikunyoza zonse. Ya pa 12 Januwale 2021, nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama zitamwalira tsiku limodzi, imene ija inandifika ndithu, munthu ankaoneka kuti zamukhudzadi. Lamulungu lotsatira anabwera ndi zogwirika, masukulu atsekedwe, pasapezeke woyenda usiku ikakwana 9, sitediyamu isanduke chipatala. Sabata imeneyo anthu anavala mamasiki okha popanda wapolisi, ngakhale kondakitala ankakubweza pakhomo. Kenako nde inatuluka ya K6.2 biliyoni ija, ndalama za matenda zambiri zitathera m'ma alawansi ndi zogula zosadziwika bwino. Inde nduna ya zantchito inachotsedwa mu Epulo koma chikhulupiriro chinali chitapita. Freddy atabwera mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 kufa, masiku 14 okhuza maliro, tinamva sipichi tinalira, koma ife kumpingo kwathu titasonkha ufa, ndowa ndi zovala azimayi anakanitsitsa kuti zisadutsire ku ofesi iliyonse, tinachita hayala lole nkukapereka tokha ku Chilobwe.

Wa_ku_Mchesi:

Inu mwawadumpha bwanji Atcheya kkkk. Nenani zonse zimene munganene, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa, njala anaivomereza mochedwa mu Febuluwale 2002 anthu akudya kale gaga ndi zitsa za nthochi, zimenezo palibe akukana. Koma pa kuyankhula ndi anthu analibe mnzake, Chichewa cha pamsika chenicheni, nthabwala pakati, agogo kumudzi osafuna womasulira. Ndipo pali imodzi imene anthu saitchula. Febuluwale 2004 pokhazikitsa ndondomeko ya dziko lino ya Edzi ananena poyera kuti mchimwene wake weniweni anamwalira ndi Edzi. Achinyamata simungamvetse kulemera kwake, nthawi imeneyo pamaliro ankangoti malemuwa adwala nthawi yaitali, kapena kunong'onezana kuti awalodza, dzina la matendawo silinkatchulidwa pa mwambo. Nde pulezidenti kutchula m'bale wake pagulu. Chaka chomwecho ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma, kusonyeza kuti wolimba mtima nkukayezetsa anali ndi kolowera.

Bingu nde amandidabwitsa chifukwa ndi munthu mmodzi koma ngati awiri. Njala ya 2005 anayankhula zoti dziko lino lisamapemphetse chakudya, makuponi a fetereza anabweradi, chimanga chinachuluka mpaka anthu kumutcha Mose wa lero. Yemweyo pa 20 Julayi 2011 anthu ali mumsewu chifukwa cha mafuta ndi foreksi iye anali ku State House akupereka lekichala pa kanema, kunja kuno utsi wa matayala ndi tiyagasi, mashopu akuswedwa, ife titatsekera ana m'nyumba tikuonera munthu akuphunzitsa. Anthu 20 anafa, ambiri ku Mzuzu. Patangopita masiku awiri ali ku Zomba anaopseza atsogoleri a zionetsero kuti awafukiza ndi utsi. Munthu wophunzira kwambiri koma sabata imeneyo ankayankha funso loti palibe anamufunsa.

Amayi a Joyce Banda pa 7 Epulo 2012 ndiwapatsa yawo. Masiku awiri imfa ya Bingu ikubisidwa, nduna zija zisanu ndi imodzi zitatuluka pakati pa usiku kunena kuti iwo sangalowe pampando, tauni yonse ili ndi mantha kuti asilikali atani. Atalumbira ku nyumba ya malamulo anangoti pasakhale kubwezerana, tilire maliro mwamtendere. Anthu tinagona tulo. Za Cashgate 2013 ndi nkhani ina, isandiyambitse.

Nangozo_A25:

Eee zikomo nonse, ya Atcheya ndi mchimwene wawo ndinali ndisanaimvepo. Koma ya Mai a Tadala ya kamtsikana komasulira yandikhala pamtima. Kodi pali lamulo lokakamiza kuti uthenga wotere uzikhala wa Chingerezi? Chifukwa pa kampeni onsewa Chichewa amachitha bwinobwino mpaka miyambi, chimasowa akalowa ku nyumba ya boma.

KabazaBoy:

Amayankhulira ma donor sisi, ife timangomvera nawo kkkk

Mphunzitsi_Wopuma:

Malamulo a dziko lino amafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo zokambirana za m'nyumba ya malamulo zimayenda m'Chingerezi, nchifukwa chake SONA, sipichi ya pulezidenti ya mmene dziko likuyendera ija, ndi bajeti mumazimva choncho. Koma uthenga wa usiku wa pa kanema ndi kusankha kwa mwini wake. Nyerere mu Novembala 1978, asilikali a Idi Amin atalanda dera la Kagera, anayankhula m'Chiswahili kuti chifukwa chomumenyera tili nacho, mphamvu tili nazo, cholinga tili nacho, ndipo mpaka lero Mtanzania wamba amawatchula mawu amenewo pamtima. Pofika Epulo 1979 Kampala inali itagwa.

Kungoti kwathu kuno pali poterera. Mu 1968 Chichewa chitakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, chinadzabwerera nthawi ya a Muluzi, ndipo bala limenelo kumpoto silinapole kwenikweni. Nde mukati pulezidenti aziyankhula Chichewa chokha, wa ku Rumphi kapena Karonga akhoza kukuuzani kuti bola Chingerezi chomwecho poti si cha mtundu wa wina aliyense. Ine ndikanakonda uthengawo ukhale waufupi, mtsogoleri anene yekha m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kenako ola lomwelo utuluke m'Chitumbuka, Chiyao, Chisena, Chilomwe ndi Chitonga pa mawailesi a m'madera, osadikira nkhani za mawa. Freddy anakantha ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo ambiri mwa anthu amene ankayenera kumva kuti athawire ku sukulu iti analibe kanema.

Wa_ku_Mchesi:

Madala ku Phalombe nkwathu kwa amayi anga, Chilomwe ambiri sachiyankhulanso, atsala ndi agogo okhaokha, ana onse ndi Chichewa. Koma za Chisena ku Nsanje ndi Chitumbuka kumpoto ndavomera.